Breaker ili ndi ma kA okwanira, nanga TRV ikulowapo bwanji?

Funso: Ndimagwira ntchito yokonza zipangizo pa sabusiteshoni ya 132 kV. Tikufuna kuchotsa circuit breaker yakale ya mafuta n'kuikapo yatsopano ya gasi wa SF6. Yatsopanoyo ndi ya 145 kV ndipo imadula current ya 40 kA (kA imodzi ndi ma ampere 1,000), pomwe shoti yaikulu imene ingachitike pamalopo sidutsa 20 kA. Koma injiniya wina akuti tisaiike kaye mpaka awerengetsere transient recovery voltage (TRV), voltage imene imabwera breaker ikangodula current. Kodi TRV imeneyi imachokera mu breaker kapena mu netiweki? Ndipo ngati ma kA ali okwanira kawiri, vuto lingakhalenso pati?

Yankho: Injiniya wanuyo mumvereni, sakukuchedwetsani dala. TRV imabadwira mu netiweki, mu inductance (khalidwe lokana kusintha kwa current) ndi capacitance (khalidwe losunga magetsi) ya mathiransifoma, malaini, makebo ndi mabasiba (zitsulo zimene malaini amakumanirapo pa sabusiteshoni). Koma imagwera pakati pa macontact a breaker, ndipo breaker ndi imene imaitsegulira khomo pa mphindi imene yadula current. Nambala ya 40 kA imene mukuiona pa nameplate ikungonena kuchuluka kwa current imene breaker ingazimitse. Siikunena payokha ngati mpata wa pakati pa macontact ungapirire voltage imene imabwera ikangozimitsa. Mabreaker ambiri amene amalephera kudula shoti amalepherera pamenepa, current itafika kale pa ziro.

Tiyeni tiloŵe m'kati mwa breaker tione. Relay, chida chozindikira shoti, ikalamula, macontact amasiyana, koma current siima. Imalumpha mpatawo ngati lawi la magetsi, lomwe timalitcha arc, ndipo pakati pa lawilo kutentha kumapitirira madigiri 10,000. Breaker ya AC silimbana ndi lawi limeneli current ili pachimake. Imadikira. Pa 50 Hz current imadutsa pa ziro kokwana 100 pa sekondi, kutanthauza kuti mwayi wozimitsa umabwera pa milisekondi 10 alionse. Gasi amakhala akuuzira lawilo nthawi yonseyi kuti pofika pa ziro likhale litaonda ngati ulusi.

Tsono vuto ndi ili. Pa nthawi ya shoti, dera lonse lamagetsi limakhala pafupifupi la inductance yokhayokha, choncho current imatsalira m'mbuyo mwa voltage ndi madigiri pafupifupi 90. Pa mphindi imene current ili pa ziro, voltage ya kugwero imakhala pachimake penipeni. Lawi likuyaka, voltage ya pakati pa macontact inali yochepa kwambiri. Likangozima, mbali ya kugwero iyenera kukwera kuchoka pansi pomwepo kukafika pachimake paja. Singadumphe kamodzi n'kamodzi chifukwa capacitance iyenera kudzaza kaye, ndipo imadzazira kudzera mu inductance. Zimenezi zimachita ngati katungwe: mukamukoka n'kumusiya saima pakati, amapitirira kukafika mbali ina, kenako n'kumabwerera pang'onopang'ono mpaka atakhazikika. Voltage nayo imapitirira mlingo wake. Pakanapanda chotayitsa mphamvu ikanafika kawiri. M'manetiweki enieni imafika cha pa 1.4 mpaka 1.7 kuŵirikiza chimake chija. Kugwedera kumeneku, kumene kumatha m'mamicrosecond makumi kapena mazana angapo, ndiye TRV.

Joseph Slepian wa ku Westinghouse anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1920 ngati mpikisano wa liwiro: mbali ina mpata wa macontact ukuchira n'kubwezeretsa mphamvu yake yotsekereza magetsi, mbali ina voltage ikukwera. Wopambana ndiye amanena ngati breaker yadula kapena lawi layakanso. Chithunzi chake chikadali chothandiza, kungoti mipikisano yake ndi iŵiri. Woyamba umachitika m'mamicrosecond ochepa oyambirira. Njira imene munadutsa lawi ikadali yotentha ndipo ikulolabe kacurrent kakang'ono kudutsa. Voltage ikakwera mofulumira, kacurrent kameneka kamatenthetsanso njirayo kuposa mmene gasi akuiziziritsira, lawi n'kudzuka. Apa chofunika ndi liwiro la kukwera, lomwe timaliyeza mu kV pa microsecond ndipo timalitcha RRRV. Mpikisano wachiŵiri umabwera pambuyo pake, njira itazizira koma gasi akadali wofunda ndiponso wopyapyala. Apa chofunika ndi chimake cha voltage, ngati mpatawo ungachipirire osabooka. Breaker ikhoza kupambana woyamba n'kugwa pa wachiŵiri, kapena kugwa poyamba pomwe.

Liwiro la katungwe uja limadalira inductance ndi capacitance zokha. Tiyerekeze dera la inductance ya 10 mH ndi capacitance ya 10 nF. Frequency yake imatuluka pafupifupi 16 kHz, ndiye kuti voltage imafika pachimake pakatha mamicrosecond 31. Mukachulukitsa capacitance kakhumi, ikhale 100 nF, frequency imatsikira pa 5 kHz ndipo chimake chimafika pakatha mamicrosecond pafupifupi 100. Onani kuti kuchulukitsa kakhumi kwangochedwetsa katatu ndi pang'ono, chifukwa zimayendera square root. N'chifukwa chake sabusiteshoni yodzaza ndi makebo a pansi pa nthaka imakhala ndi TRV yofatsa, pomwe breaker yolumikizidwa ku thiransifoma ndi kachidutswa kafupi ka basiba imaona zakuda.

Tibwere ku breaker yanu. Muyezo wa IEC 62271-100, ndiponso wa IEEE C37.04 ndi anzake, umayesa breaker pa milingo inayi ya shoti yochitikira pakamwa pake penipeni: T100, T60, T30 ndi T10, kutanthauza 100, 60, 30 ndi 10 peresenti ya ma kA ake. Mlingo uliwonse uli ndi TRV yakeyake. Pa mabreaker a 100 kV kupita m'mwamba, liwiro limene amayesera ndi 2 kV pa microsecond pa T100, 3 pa T60, 5 pa T30 ndi 7 pa T10. Chimake chake pa breaker ya 145 kV m'netiweki yomangidwa bwino ku earth ndi 215 kV pa T100, 231 kV pa T60, ndi cha m'ma 270 kV pa T10. Anthu ambiri amadabwa akaona kuti current yochepa ndi imene imayesedwa ndi TRV yaukali kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti shoti yaikulu imadyetsedwa ndi malaini ndi mathiransifoma ambiri nthawi imodzi, ndipo laini iliyonse yolumikizidwa ku basiba imachita ngati resistor yoziziritsa kugwedera kuja. Shoti yaing'ono nthawi zambiri imakhala ikudyetsedwa kudzera mu thiransifoma imodzi yokha, yomwe capacitance yake ndi yochepa ndipo frequency yake ndi yokwera.

Choncho 20 kA yanu pa breaker ya 40 kA ndi 50 peresenti, ndipo TRV ya pamalo panu iyenera kufanizidwa ndi malire apakati pa T60 ndi T30, osati a T100. Apa ma kA owonjezerawo akukuthandizanidi, chifukwa malire a pamenepo ndi okulirapo. Koma akukuthandizani mpaka penapake. Ngati usiku wina malaini aŵiri ali otsegula chifukwa chokonza ndipo shoti ikudyetsedwa ndi thiransifoma yokha, current ikhoza kukhala 6 kA yokha koma liwiro la TRV n'kupitirira zimene breaker inayesedwa. Zimenezi n'zimene injiniya wanu akufuna kudziŵa, ndipo sizioneka pa nameplate.

Manambala a chimake aja ali ndi chinthu china m'kati mwake chimene ambiri sachilabadira. Maphase atatu safika pa ziro nthawi imodzi. Pole (mbali ya breaker yodula phase imodzi) imene yayamba kudula imasenza katundu wolemera kuposa zinzake, chifukwa ziŵiri zotsalazo zikadali mu shoti ndipo zimakokera neutral kumbali. Kuchuluka kwa katunduyo timakutcha first-pole-to-clear factor. M'netiweki imene neutral yake yamangidwa molimba ku earth ndi 1.3, pomwe m'netiweki yopanda earth kapena yomangidwa kudzera mu impedance yaikulu ndi 1.5. Pa 145 kV kusiyana kumeneku kumachotsa chimake cha T100 pa 215 kV n'kukachiika pa 249 kV. Ndiye musanachite china chilichonse, onani kuti breaker imene mwagula inayesedwa ndi 1.3 kapena 1.5, kenako muone ngati maneutral a mathiransifoma anu onse ali pa earth nthawi zonse. Alipo masabusiteshoni amene amatsegula neutral ya thiransifoma imodzi pofuna kuchepetsa current ya shoti ya ku earth, osakumbuka kuti potero akweza katundu wa pole yoyamba.

Palinso shoti ina yochenjera, yochitikira pa laini ya m'mwamba mamita mazana angapo kapena makilomita ochepa kuchokera pa breaker. Current yake imachepako pang'ono poyerekeza ndi ya pakamwa pa breaker, choncho munthu angaganize kuti ndi yosavuta. Ayi ndithu. Breaker ikangodula, voltage imene inali pa kachigawo ka laini kaja imayamba kuthamanga ngati funde, pa liwiro la pafupifupi mamita 300 pa microsecond, kukagunda pa shoti n'kubwerera. Ngati shoti ili pa kilomita imodzi, ulendo wopita ndi kubwera umatenga mamicrosecond osakwana 7. Pa chojambulira mafundeŵa amaoneka ngati mano a sowo. Chimake chake si chachikulu, koma dzino loyamba limakwera mwaphompho, pa nthawi yomweyo imene njira ya lawi ikadali yotentha. Muyezo umatenga surge impedance ya laini (voltage ya funde kugaŵa ndi current yake) kukhala 450 ohm, zimene pa 50 Hz zimapereka 0.2 kV pa microsecond pa kA iliyonse. Breaker ya 40 kA imayesedwa pa 90 peresenti (mayeso otchedwa L90), ndiye kuti 36 kA, ndipo mbali ya laini imakwera ndi 7.2 kV pa microsecond. Kwa inu, 90 peresenti ya 20 kA ndi 18 kA, yopereka 3.6 yokha. Pa shoti ya mtundu umenewu muli pabwino, ndipo ndinganene mosakayika kuti si pamene injiniya wanu adzapeze vuto.

Mpaka apa ndakhala ndikunena za netiweki, ngati kuti breaker ndi swichi yangwiro imene imadutsitsa current popanda choletsa kenako n'kutseka phaa pa ziro. TRV yoŵerengedwa motero imatchedwa prospective kapena inherent, ndipo ndi imene imafanizidwa ndi muyezo. Anachita dala kuti tiziyeza netiweki payokha, popanda kusokoneza ndi khalidwe la breaker inayake. Koma breaker yeniyeni imaikapo dzanja lake, ndipo apa m'pamene pali mbali ina ya funso lanu.

Lawi lili ndi voltage yake. Mu breaker ya gasi, voltage imeneyi imakwera current ikamayandikira ziro, n'kudzaza capacitance ya pafupi mozondoka. Zili ngati kukokera katungwe m'mbuyo pang'ono musanamusiye, amakafika patali kuposa. Kumbali ina, kacurrent kaja kotsalira lawi litazima kamataya mphamvu ndipo kamafeŵetsa kukwera koyambirira. Zinthu ziŵirizi zimakokerana kosiyana, ndipo akatswiri akhala akuziika m'masamu kuyambira pa ntchito ya Cassie mu 1939 ndi ya Mayr mu 1943. Pa 132 kV voltage ya lawi ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya netiweki, choncho kusintha kwake sikukhala kwakukulu. Pa voltage yotsika nkhani imatembenuka. Ka breaker kakang'ono ka m'bokosi la magetsi a m'nyumba kamagaŵa lawi m'tizigawo mpaka voltage yake ipose ya gwero, n'kukankhira current pa ziro isanafike nthawi yake.

Chozimitsira nacho chili ndi khalidwe lake, ndipo musaganize kuti chatsopano chimaposa chakale pa zonse. Breaker yanu ya mafuta, lawi likaŵiritsa mafutawo, limatulutsa mpweya umene gawo lake lalikulu ndi hydrogen, womwe umachotsa kutentha bwino kwambiri. N'chifukwa chake mabreaker a mafuta sankaopa kwenikweni kukwera kwaphompho koyambirira. Kufooka kwawo kunali pa macurrent ang'onoang'ono, amene satulutsa mpweya wokwanira, makamaka podula laini yopanda katundu kapena capacitor bank. Mabreaker ouzira ndi mpweya wopanikizidwa ndi amene anaonetsa dziko kuopsa kwa shoti ya laini yaifupi, ndipo ambiri ankaikidwa maresistor pambali pa macontact kuti aziziziritsa TRV. SF6 imachira bwino pa mpikisano wachiŵiri koma imamva kwambiri mpikisano woyamba, n'chifukwa chake mabreaker ena a ma kA ambiri amafuna capacitor kumbali ya laini kuti dzino loyamba lija lichedwe ndi microsecond imodzi kapena ziŵiri. Ngati pa breaker yakaleyo panali maresistor kapena macapacitor, mukaichotsa mwachotsanso chimene chinkafatsitsa TRV pamalopo. Mabreaker a voltage yaikulu okhala ndi mipata iŵiri kapena kuposa pa pole imodzi amakhala ndi magrading capacitor ogaŵira voltage mofanana, ndipo nawonso amaloŵa m'chiŵerengero.

Pamene breaker imasiya kungosintha TRV n'kuyamba kuipanga yokha ndi podula current yaing'ono ya inductance, monga ya reactor (koyilo yoikidwa dala chifukwa cha inductance yake), ya thiransifoma yopanda katundu, kapena ya mota imene yaimitsidwa ikungoyamba kumene. Breaker yopangidwira kuzimitsa ma kA ambirimbiri ikakumana ndi ma ampere ochepa imachita mopitirira, imathyola current isanafike pa ziro. Timati current chopping. Mphamvu imene inali mu inductance ilibe kopita koma mu capacitance, ndipo voltage yotulukapo ndi current yothyoledwayo kuchulukitsa ndi surge impedance ya katunduyo. Tengani 0.1 H ndi 1 nF, zimapereka 10,000 ohm. Mukathyola ma ampere 5 mwapeza 50 kV, pa netiweki ya 11 kV imene chimake chake cha phase kupita ku earth ndi 9 kV yokha. Zotayitsa mphamvu zimachepetsako, koma mwaona kukula kwake. Mabreaker a vacuum ndi amene anatchuka ndi mbiri imeneyi, ngakhale macontact a copper ndi chromium a masiku ano amathyola ma ampere ochepa kusiyana ndi akale. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa vacuum ndi china: imatha kuzimitsa ngakhale current ya frequency yokwera kwambiri. Lawi likayakanso mpata ukadali waung'ono, imalizimitsa pomwepo, voltage n'kukweranso kuposa poyamba, lawi n'kuyakanso, mobwerezabwereza m'kanthawi kochepa. Breaker yeniyeniyo imatuluka bwinobwino. Amene amalira ndi mawaya oyambirira a mota kapena a thiransifoma, amene amalandira mafunde aphomphowo.

Podula capacitor bank kapena laini yaitali yopanda katundu, zinthu zimayenda mwa mtundu wina. Current ndi yaing'ono ndipo imatsogola voltage, choncho breaker imadula mosavuta, nthawi zina macontact atangosiyana pang'ono. Capacitor imatsala yodzaza pachimake, pomwe gwero likupitiriza kuzungulira. Pakatha milisekondi 10 gwero lafika pachimake cha mbali inayo, ndipo pakati pa macontact pali voltage yoŵirikiza kaŵiri. Mpata ukabooka pamenepo, capacitor ikhoza kudumphira katatu, ndipo zikabwerezeka kasanu. IEC imagaŵa mabreaker m'magulu aŵiri pa nkhaniyi, C1 ndi C2, ndipo C2 ndi amene mwayi wobooka uli wochepetsetsa. Ngati breaker yanu idzakhala ikutsegula laini yaitali kaŵirikaŵiri, chilembo chimenechi chiyang'aneni. Masiku ano palinso zida zolamula breaker kuti macontact asiyane pa mphindi yosankhidwa ya funde, kuti pofika pa ziro mpata ukhale utakula kale. Pa mareactor zimathandiza kwambiri.

Ndinaonapo malo ena amene anaika reactor motsatana ndi feeder pofuna kuchepetsa current ya shoti kuti mabreaker akale apitirize kugwira ntchito. Pa pepala zonse zinali bwino, ma kA anatsika. Palibe anafunsa za capacitance ya reactor yopanda chitsulo m'kati, yomwe imakhala yochepa zedi. Titaŵerengetsa ndi 5 mH ndi 500 pF, frequency inatuluka cha pa 100 kHz, chimake chikufika m'mamicrosecond 5 okha. Shoti ikanachitika kuseri kwa reactor, breaker ikanakumana ndi liwiro limene sinayesedwepo, ngakhale current inali yochepa kuposa kale. Mankhwala ake sanali ovuta, tinaika macapacitor pakati pa breaker ndi reactor. Chovuta chinali kufotokozera eni ake kuti chida chimene anagula kuti chiteteze mabreaker n'chimene chikanaononga mabreakerwo.

Pamenepa ndionjezere mawu amodzi okhudza surge arrester, chida chotayira voltage yopitirira muyeso ku earth, chifukwa anthu amaithamangira. Arrester imadula nsonga ya voltage ikafika pa mlingo wake. Siichedwetsa kukwera. Ngati vuto lanu ndi liwiro, arrester siithandiza, mufunika capacitance, kaya ya capacitor yeniyeni, ya kebo, kapena ya capacitor voltage transformer imene ili pafupi ndi breaker. Ngati vuto ndi chimake, m'pamene mungaganizire arrester kapena breaker ya voltage yapamwamba, mwachitsanzo ya 170 kV m'malo mwa 145 kV. Pa mota ndi mathiransifoma a voltage yapakati odulidwa ndi vacuum, kaŵirikaŵiri timaika resistor ndi capacitor pamodzi pafupi ndi katunduyo.

Injiniya wanu akayamba ntchito adzagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yoŵerengera mafunde ofulumira a magetsi, ya mtundu wa EMTP, imene Hermann Dommel anayambitsa ku Bonneville Power Administration chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kapena ina yofanana nayo monga ATP ndi PSCAD. Pulogalamu yoŵerengera shoti wamba singathe, chifukwa imangoona 50 Hz. Zotsatira zake zidzakhala zabwino molingana ndi manambala amene mudzamupatse, ndipo apa inu a pamalopo ndinu ofunika kuposa iye. Mupatseni kutalika kwenikweni kwa basiba ndi kebo iliyonse pakati pa breaker ndi thiransifoma, mtundu wa ma CT ndi ma VT (mathiransifoma oyezera current ndi voltage) amene alipo, mmene maneutral alumikizidwira, ndi malipoti a mayeso a thiransifoma ngati alipo. Muuzeninso mmene mumayendetsera sabusiteshoni pa masiku okonza, malaini ati amatsegulidwa ndipo basiba imagaŵidwa bwanji, popeza TRV yoipitsitsa imakonda kubisala m'kalumikizidwe kosazoloŵereka. Kwa opanga breaker, pemphani lipoti la mayeso a mtundu wake lochokera ku labotale yodziimira payokha, monga KEMA ku Arnhem kapena CESI ku Milan, ndipo muone mizere ya TRV ya T10, T30, T60 ndi L90, osati tsamba loyamba lokha. Mzere wa netiweki yanu ukadutsa pamwamba pa malire amenewo paliponse, ngakhale m'mamicrosecond khumi oyambirira okha, muitanitse macapacitor breaker isanapatsidwe moto.